Mkamwini ndi Muwawani wa pa Chulu

Khalani pansi, ana inu. Iwe wa chitsononkho, leka kutokosa moto. Nthano iyi sindibwereza kawiri.

Kalekale, misewu isanadze, anthu akuyenda m'tinjira ta mbuzi, padali munthu wina wosema mitondo. Dzina lake adali Kanyumbu. Kwawo kudali kuseri kwa mapiri, ulendo wa masiku atatu. Tsono adakwatira mkazi wotchedwa Nangondo, ndipo adakakhala kwawo kwa mkaziyo, chikamwini. Adabereka ana awiri aakazi. Wamkulu adali Dziwenji.

Inu chikamwini simuchidziwa. Anyamatanu mudzachiona. Mkamwini amalima munda wa eni ake, amamanga nkhokwe ya eni ake, amabereka ana a eni ake. Akalankhula pabwalo, anthu amayang'ana nkhuku. Ndipo mkazi akamwalira, amamusudzula. Amamupatsa mphasa yake ndi nkhwangwa yake, n'kumuonetsa njira. Ana amatsala. Ana ndi a malume awo.

Pamudzipo mwini mbumba adali Chimpango, mlongo wake wa Nangondo. Adali munthu wa chifuwa chachikulu ndi mawu aakulu. Zonse ankafuna zazikulu: khasu lalikulu, chipanda chachikulu, ulemu waukulu.

Ndiye padali mayi ake a Nangondo, apongozi a Kanyumbu. Awa ndi Kanyumbu sankaonana maso ndi maso, sankalankhulana. Mwambo unkatero. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire, ngakhale kukhale minga. Zaka zisanu ndi ziwiri zidapita, Kanyumbu akuwadziwira apongozi akewo kumsana ndi kutsokomola kwawo basi.

Tsono chaka china, mvula itakata, Nangondo adadwala. M'mimba munkapotokola ngati wina akupota chingwe. Thupi linkatentha. Akamwa phala, linkangodutsa. Tsiku lachitatu Chimpango adabwera, adamubereka mlongo wakeyo, nakamugoneka ku kuka, kunyumba ya mayi awo. Ndipo nyumba ya apongozi mkamwini saponda. Kanyumbu adatsala kunja. Ankangomva kubuula kwa mkazi wake ali kuseri kwa nkhokwe.

Kanyumbu sadali sing'anga ayi. Ankadziwa mtengo umodzi wokha, umene adamuphunzitsa malume ake kwawo. Koma umodziwo ankaudziwa bwino, kuyambira kumuzu mpaka kunsonga. Mtengowo ndi muwawani.

Adapita kwa Chimpango, adakhala pansi, adaomba m'manja.

"Alamu, matendawa ndikuwadziwa. Pa chulu chachikulu cha kutsidya kwa dambo pali muwawani. Ndiloleni ndikatenge khungwa."

Chimpango adati, "Alamu, mlongo wangayu mudamupeza ali ndi abale, ndipo mudzamusiya ali ndi abale. Kasemeni mitondo."

"Ndiye ndikuperekezeni, ndikakuonetseni mtengowo."

"Mundionetse ine? Chulu chimenecho ndinkagwirapo ngumbi inu musanamve kuti kuno kuli anthu."

Chimpango adanyamula nkhwangwa, ulendo. Muwawani sankaudziwa. Koma kufunsa mkamwini? Bola mlongo afe. Pakamwa sadatero, koma mumtima mudali zomwezo.

Adafika pa chulu. Padali mitengo itatu. Woyamba udali bwemba wamkulu, wa mthunzi wokwana mudzi wonse. Wachiwiri udali wa minga. Wachitatu udali wochepa, wokhotakhota, wa zipatso zazitali zolendewera ngati ndodo. Chimpango adayang'ana uwu, adayang'ana uwu. Adati, "Matenda aakulu amafuna mtengo waukulu." Ndipo adasenda bwemba.

Kumudzi adaphika, adasefa, adamumwetsa Nangondo. Tsiku lidapita. Lina lidapita. M'mimba simudaleke. Maso a Nangondo adalowa m'kati, milomo idauma ngati phale.

Kanyumbu adapita kudzala kumene adataya makungwa ophikawo. Adatola limodzi, adatafuna, adalavula. Silinkawawa n'komwe.

Adapitanso kwa Chimpango. Ulendo uno adagwada.

"Alamu, pepani. Mtengo munasenda uja ndi bwemba."

"Mwayamba kufufuza kudzala ngati galu?"

"Ndine galu, alamu, sindikana. Koma galuyo mumveni. Muwawani ndi uja wa zipatso ngati ndodo. Mukanyambita khungwa lake, nkhope imakwinyika yokha. Musende pang'ono, kukula ngati chikhatho, mbali ya kum'mawa. Kenaka chikhatho china mbali ya kumadzulo. Musazungulize thunthu, mtengo ungafe. Pamene mwasendapo mumate dothi la pa chulu."

Chimpango ankangotokosa m'mano ndi kaudzu.

Kanyumbu adapitiriza. "Muphike mu kamphika kakang'ono. Madzi akafiira ngati uchi, muphule. Amwe chigoba cha nkhono chimodzi m'mawa, chimodzi masana, chimodzi madzulo. Osapitirira, alamu. Mtengo uwu uli ndi ukali."

Apa Chimpango adaseka. "Chigoba cha nkhono! Mlongo wanga mukumuyesa mwana wa mbewa? Kwanuko mumapima mankhwala ngati mmene mumapimira ndiwo, eti? Njala idakulowani m'mutu anthu a kumapiri."

"Alamu, chonde mukawauze amayi monga ndanenera."

"Ndamva. Chokani, mukunditchinga dzuwa."

Tsono Chimpango adabwerera ku chulu. Adaupeza muwawani. Adanyambita, ndipo nkhope idakwinyika. Adati, "Eya, uwu ndiwo." Adayamba kusenda. Adasenda kum'mawa, adasenda kumadzulo, adasenda kumpoto, adasenda kum'mwera. Adayambira pansi mpaka pamene nkhwangwa inkalekeza. Mtengo udatsala mbee, ngati mbuzi yosenda. Dothi sadamate. Adamanga mtolo waukulu wa makungwa, adadutsa nawo pakati pa mudzi kuti aliyense aone.

Adauza mayi ake, "Tengani nkhali ya mowa ija. Tiphike onse."

Mayi aja adafunsa, "Onsewa? Apongozi anga, bambo a Dziwenji, anatero?"

"Anatero. Akuti amwe chipanda chodzaza, katatu."

Mukumva, ana inu? Chigoba cha nkhono chidasanduka chipanda, pakati pa nkhokwe ndi kuka, mtunda woti nkhuku siitopa. Mayi aja akadatuluka n'kufunsa mwini mawu, zikadathera pomwepo. Koma mwambo. Mwambo udawatseka pakamwa onse awiri, n'kusiya chitsiru chokha chikulankhula.

Adaphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Madzi adada bii, ngati phulusa la nkhuni zonyowa litathiridwa mvula. Adamugwira Nangondo mutu, adamumwetsa chipanda choyamba. Adalimbana nacho, chidalowa. Adamumwetsa chachiwiri. Pamenepo adayamba kusanza. Adasanza mankhwala, adasanza ndulu, adasanza mpaka mopanda chosanza. Kenaka adangoti zii, manja lende.

Mayi ake adalira, "Mayo, mwana wanga!"

Kanyumbu adamva kulirako. Adathamanga mpaka pafupi ndi khonde, ndipo adaima. Miyendo inkafuna kulowa, mwambo unkakana.

Chimpango adatuluka maso ali psu.

"Mfiti iwe! Wationetsa mtengo wa poizoni kuti uphe mlongo wanga!"

"Alamu, munamumwetsa wochuluka bwanji?"

"Usandifunse mafunso pamudzi pa amayi anga! Akupuma, koma safika kutali. Mawa ndikupita kukauza abale a kutsidya kwa mtsinje kuti abwere, akonzekere maliro. Ndikamabwera dzuwa likulowa, ndisadzakupeze pano. Ukachedwa, udzatuluka ndi nkhwangwa kumsana."

Anthu a pamudzi adamva zonsezi. Adayang'ana pansi, wina adayamba kukanda mwendo.

Kutacha, Chimpango adanyamuka. Kanyumbu adamanga sompho ndi nkhwangwa yake mu mphasa. Dziwenji adafunsa, "Ababa, mukupita kuti?" Iye adati, "Kukadula mtengo." Mwanayo adayang'ana mphasayo, sadafunsenso.

Tsono Kanyumbu adati mumtima, "Ndimve kupuma kwake kokha, kenaka ndizipita." Adazungulira kuseri kwa kuka. Kumeneko kudali mtondo waukulu umene adawasemera apongozi ake chaka chimene adakwatira. Adakhala pansi pafupi ndi mtondowo, khutu kukhoma. M'katimo mudali kupuma, koma kochepa, ngati kwa mwanapiye wonyowa.

Mwadzidzidzi adamva kutsokomola. Adali apongozi, akubwera ndi lichero la mphale kudzasinja. Atamuona, adatembenuka msanga, adamupatsa msana. Apa Kanyumbu ankayenera kuthawira kutchire monga mwa masiku onse. Adadzuka. Adaponya phazi limodzi. Ndipo adakhalanso pansi.

Sakadatha kulankhula ndi apongozi. Koma palibe mwambo woletsa munthu kulankhula ndi mtondo wake.

Adati, "Iwe mtondo. Ndidakusema ndine. Ndidakutenga uli chipika, ndidakuboola ndi manja angawa. Lero ndikupita. Ndati ndikutsanzike."

Apongozi adaima chilili, lichero m'manja, nkhope kunkhokwe. Sadachoke.

Kanyumbu adati, "Iwe mtondo, ndikufunseko. Mkazi wanga adamumwetsa mankhwala ochuluka bwanji?"

Mayi aja adatsokomola, adalankhula akuyang'anabe kunkhokwe.

"Iwe mtondo, uwauze apongozi kuti asafunse zimene akuzidziwa. Zipanda ziwiri. Chachitatu sichidalowe."

"Zipanda! Mayo ine! Iwe mtondo, ine ndidati chigoba cha nkhono."

"Iwe mtondo, uwafunse bwino. Chigoba cha chiyani?"

"Cha nkhono, mtondo iwe. Nkhono yoyenda pansiyi. Khungwa kukula ngati chikhatho, kamphika kakang'ono, madzi ofiira ngati uchi. Ndidagwada ponena zimenezi."

Mphale ina idatayika m'lichero, nkhuku zidathamangira. Mayi aja sadaziingitse.

Adati, "Iwe mtondo. Ine ndidabereka ana awiri. Mmodzi wagona m'nyumbamu. Winayo ndidamubereka ndi pakamwa pokha, makutu adatsalira m'mimba."

Za mwana wa eni mkamwini sayankhira.

"Iwe mtondo, uwafunse apongozi. Mwana wangayu angadzuke?"

"Mtondo iwe, sindine Chauta. Koma akupuma. Lero asamwe mankhwala alionse, m'mimba mupume. Awiritse madzi, azizire, azimudonthezera pakamwa pang'onopang'ono, osaleka. Akawasunga, amupatse phala lamadzimadzi, lothira kamchere. Mankhwala tiyambe mawa."

"Tiyambe? Iwe mtondo, si paja ati akupita?"

"Adandipatsa mpaka kulowa kwa dzuwa."

"Adawapatsa ndani? Nyumba ino adamanga ndi Chimpango? Iwe mtondo, uwauze amasule mphasayo. Apite ku chulu. Ndipo athamange, asayende ngati mkamwini."

Ana inu, Kanyumbu adathamanga. Adadutsa dambo matope akuthovukira kumsana. Adafika pa chulu, adaona muwawani, ndipo adagwira pakamwa. Thunthu lonse lidali loyera, utomoni utauma, nyerere zikukwera ndi kutsika. Panalibe khungwa ngakhale lokwana chala.

Adagwada patsinde. Adati, "Pepa, muwawani. Wakuvula si ine. Koma amene adamuuza kumene uli ndine. Ndabweranso kudzapempha, manyazi ndilibe. Mkazi wanga akufa."

Tsono adayamba kukumba mbali ya kum'mawa. Dothi la pa chulu ndi louma, inu mukudziwa, limathyola khasu. Adakumba ndi sompho, adakumba ndi zikhadabo. Pokumbapo ankayimba. Ndikati "Muwawani iwe," inu muziti "Wawa."

Muwawani iwe,
Wawa!
Wawa pakamwa pokha,
Wawa!
M'mimba ukazizire,
Wawa!
Ana asatsale okha,
Wawa!

Adapeza muzu woyamba, waukulu ngati ntchafu. Adati, "Uwu ndi mwendo wako, sindidula." Adapeza wachiwiri, waukulu ngati mkono. Adati, "Uwunso ayi." Adapeza wachitatu, wochepa ngati chala chamanthu. Adadula kachidutswa kotalika ngati dzanja. Kenaka adakwirira dzenjelo bwinobwino, adapondaponda. Adatunga madzi kudambo, adakanya dothi, adamata thunthu lonse mpaka pamene manja ankafika. Ankadziwa kuti wachedwa. Adamatabe.

Pobwerera adatola chigoba cha nkhono m'mbali mwa dambo, adachitsuka ndi mchenga.

Adafika kumudzi dzuwa litapendeka. Adakoleza moto pafupi ndi mtondo uja, adapala muzuwo, adauduladula, adauika mu kamphika. Ali pomwepo, adamva phokoso kunjira. Adali Chimpango, akubwera ndi abale a kutsidya kwa mtsinje. Amayi ena adali atayamba kale kulira maliro ali panjira, kuti afike mawu atatentha.

Chimpango adamuona Kanyumbu ndipo adaima.

"Ukadali pano? Ndipo ukuphikanso poizoni wako pakhomo pa amayi anga?"

Adasolola nkhwangwa paphewa. Kanyumbu sadadzuke. Adangotchinga kamphikako ndi thupi lake.

Pamenepo chitseko cha kuka chidatseguka. Mayi aja adatuluka chambuyo, kuti asaonane ndi mkamwini, adayenda chambuyo mpaka adaima pakati pa awiriwo. Nkhope idali kwa mwana wawo.

"Chimpango, ika nkhwangwayo pansi."

"Amayi, mbumba iyi ndi yanga."

"Mbumba ndi yako, koma mimba idali yanga. Ndikufunse pamaso pa abalewa. Adakuuza chipanda kapena chigoba cha nkhono?"

Chimpango adayang'ana kumwamba. Adati, "Chigoba, chipanda, zonse n'zomwera."

"Ndiye m'nkhalimo mwatsala mankhwala ako aja. Bwera ndikutungire chipanda, umwe tione. Zonse n'zomwera."

Chimpango sadasunthe. Abale aja adayamba kuyang'anana. Mayi wina wolira uja adaleka kulira pakati pa mawu, adafunsa mnzake, "Kodi maliro alipo kapena palibe?"

Nkhalamba ina mwa abalewo idati, "Komabe mtengowu watsala pang'ono kupha munthu. Tidziwa bwanji kuti wa mu kamphikawu ndi wina?"

Kanyumbu adaphula kamphika. Madzi adali ofiira ngati uchi. Adadikira azizire, adatunga ndi chigoba cha nkhono, adamwa onse akuona. Nkhope idakwinyika, misozi idatuluka.

Adati, "Mtengo ndi womwewo, agogo. Chasiyana ndi dzanja. Ndikhala pompano. Ndikafa, mwapeza maliro amene mwadzera, simubwerera chabe."

Adakhala. Dzuwa lidalowa, Kanyumbu ali moyo. Kudacha, Kanyumbu ali moyo, ndiponso ali ndi njala.

M'mawa umenewo mayi aja adalankhulira kukhomo. "Iwe mtondo, madzi adasunga. Phala adamwa zikombe zitatu, silidabwerere."

"Mtondo iwe, ndiye tiyambe."

Kanyumbu adatunga chigoba chimodzi, adachikhazika pamwamba pa mtondo, adatembenuka. Mayi aja adabwera, adatenga, adalowa nacho. Masana chimodzimodzi. Madzulo chimodzimodzi.

Tsiku loyamba, mankhwala adakhala m'mimba, sadabwerere. Koma Nangondo sadatsegule maso.

Tsiku lachiwiri, thukuta lidatuluka, lidanyowetsa mphasa. Kupotokola kudachepa. Chimpango adabwera kudzasuzumira, adati, "Mwaona, akuchira. Tsopano onjezerani, amwe zigoba zisanu achire msanga." Mayi ake adamuponyera chikuni. Adachizinda, chidakagwera galu.

Tsiku lachitatu, Kanyumbu adaika chigoba pa mtondo, adatembenuka, adadikira. Palibe adabwera. Adadikirabe. M'nyumbamo mudali zii. Kubuula kunalibe, kutsokomola kwa apongozi kunalibe. Adati, "Basi, zatha. Akusowa pondiyambira." Adaphimba nkhope ndi manja.

Kenaka adamva mapazi kumbuyo kwake. Mapazi okwekwereza, opumira panjira. Adamva chigoba chikuchoka pa mtondo. Adamva munthu akumeza, kenaka akulavula malovu.

"Ii! Bambo a Dziwenji, mankhwala anuwa kuwawa ngati mawu a achimwene."

Kanyumbu adatembenuka. Adali Nangondo. Adali atawonda ngati bango, atagwira mtondo ndi manja onse awiri kuti asagwe. Koma adali chilili, maso ali poyera.

Kanyumbu adangokhala pansi, mwamuna wamkulu, misozi chuchuchu, akuseka.

Nangondo adati, "Mukulira chiyani? Wafa ndani? Taonani ana anga, tsitsi ngati chisa cha mpheta. Masiku onsewa simudawasambitse?"

"Sindidawasambitse."

"Nanga mbuzi munkazitsekulira?"

"Sindikudziwa ngati tili ndi mbuzi."

"Ha! Munthu ungafe bwanji ndi mwamuna wotere? Pakhomo pangasanduke bwinja. Tandigwirani mkono, ndikufuna kukhala padzuwa. Ndipo ndikufuna therere."

Ana aja adathamanga, adamukumbatira miyendo mpaka adatsala pang'ono kumugwetsa. Abale a kutsidya kwa mtsinje adaimba nthungululu. Ufa umene adabwera nawo wa pamaliro adaphikira thobwa. M'nyumbamo mayi aja adali atagona tulo tofa nato, koyamba pa masiku khumi, ndipo palibe adawadzutsa.

Madzulo a tsiku lomwelo Nangondo adabwerera kunyumba kwake, akutsamira paphewa la mwamuna wake. Kanyumbu adayala mphasa imene adamangira katundu ija, ndipo adagonapo mkazi wake.

Mukuganiza kuti Chimpango adapepesa? Simuwadziwa anthu. Pamowa ankati, "Mlongo wanga ndidamuchiza ndine. Zipanda zanga ziwiri zidathyola matenda msana, alamu adangodzamalizitsa." Ndipo ena ankavomera, poti mowawo udali wake. Kanyumbu ankamva, ankangosema mitondo yake. Mkazi adali moyo, ana adali pakhomo. Zinazo adawasiyira eni mudzi.

Muwawani uja udauma. Masamba adayoyoka, nthambi zidagwa, chiswe chidadya thunthu. Zaka zitatu, wodwala m'mimba pamudzipo ankamufunira mankhwala ulendo wa masiku awiri. Koma mizu ikuluikulu ija idali moyo pansi. Mvula ya chaka chachinayi, patsinde padatuluka mphukira ziwiri. Kanyumbu adazitchingira ndi minga, kuopa mbuzi ndi alamu ake.

Tsono mverani phunziro, ndinena mosabisa.

Mankhwala ndi muyeso. Mtengo womwewo umachiza, womwewo umapha, kusiyana kwake ndi chigoba ndi chipanda. Ndiye ndisamve kuti wina wa inu wakasenda muwawani n'kumwetsa mng'ono wake chifukwa cha nthano ino. Muyeso simuudziwa. Wodwala mupite naye kwa odziwa.

Mtengo wokuchiza usauvule wonse. Tenga chikhatho, mata dothi, kwirira dzenje. Mawa udzadwalanso.

Ndipo chachikulu ndi ichi. Wodziwa chinthu mufunseni yekha, pakamwa pake, ngakhale akhale mkamwini, ngakhale akhale wosauka wong'ambika malaya. Masiku ano ndimaona ophunzira akubwera pagalimoto, akuti akufuna makungwa akapime m'mabotolo mwawo, aone mphamvu ili m'katimo. Apime, n'zabwino, mwina adzapeza chothandiza anthu. Koma akafika amafunsa wovala nsapato. Ife amene timadziwa mbali yosenda timangonyamula matumba. Ulemu wotseka pakamwa pa wodziwa si ulemu ayi, ndi khasu lokumbira manda. Nangondo adapulumuka chifukwa mayi mmodzi adalolera kulankhula ndi mtondo kusiyana ndi kuika mwana m'dothi.

Yanga nthano yathera pamenepo. Wosamva, ake ndi makutu.